Mfumu ikafa, chikhristu chinkatsala ndi yani?

M'maphunziro a mbiri ya mpingo tafika pa mutu wa momwe anthu a mtundu wa Anglo-Saxon, makolo a Angerezi, analandirira chikhristu. Nkhaniyi imayamba m'chaka cha 597, pamene Augustine ndi amonke pafupifupi 40 anakocheza pachilumba cha Thanet ku Kent, m'dziko la England, atatumidwa ndi Papa Gregory wa ku Roma. Mfumu Æthelberht inakumana nawo pabwalo, poopa kuti m'nyumba alendowo angailodze. Mkazi wake Bertha anali kale mkhristu, ndipo ankapemphera m'tchalitchi chakale cha St Martin ku Canterbury. Sipanapite nthawi, mfumu inabatizidwa, anthu ake n'kutsatira.

Koma ine chandigwira mtima ndi zimene zinkachitika mafumu oyambawa akangotsikira kuli chete. Æthelberht atamwalira mu 616, mwana wake Eadbald anayamba wakana ubatizo. Ku London, ana a mfumu Sæberht anathamangitsa bishopu Mellitus chifukwa chowamana mkate wa mgonero iwo asanabatizidwe. Kumpoto, ku Northumbria, bishopu Paulinus, amene anachokera ku Kent, anabatiza mfumu Edwin ku York mu 627, kenaka anabatiza khwimbi la anthu m'mitsinje ya Glen ndi Swale. Edwin ataphedwa pankhondo mu 633, Paulinus anakwera chombo kubwerera ku Kent pamodzi ndi mfumukazi yamasiye, ndipo mafumu awiri amene analowa m'malo mwa Edwin anabwerera ku milungu ya makolo awo. Chikhulupiriro chinali chitatsamira pa mfumu, ndiye mfumu itagwa nacho chinagwa.

Pali mfumu ina, Rædwald wa ku East Anglia, amene sindifulumira kumuweruza. Anabatizidwa ku Kent, koma atafika kwawo mkazi wake ndi alangizi ake anamubweza. Mapeto ake, m'kachisi mmodzi anaikamo maguwa awiri, lina la Khristu, lina loperekerapo nsembe kwa milungu yakale. Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamaliza kulemba mbiriyi mu 731, amamudzudzula kwambiri. Ine ndikuona munthu amene anamva uthenga kwa masiku ochepa kuchilendo, n'kubwerera kumudzi kopanda womuphunzitsa. Papa Gregory mwini ankadziwa kuti mtima wa munthu sutembenuka tsiku limodzi. M'kalata yake ya mu 601 analangiza kuti akachisi asagwetsedwe, angochotsamo mafano, awazemo madzi odalitsidwa, ndipo anthu amene anazolowera kupha ng'ombe za nsembe aziphabe ng'ombezo koma zikhale za phwando loyamika Mulungu.

Paulinus atathawa, ku Northumbria kunatsala dikoni wake dzina lake James. Sanali bishopu, analibenso mfumu yomuteteza, ndipo dziko linali pa nkhondo. Anakhazikika m'mudzi wina pafupi ndi Catterick, n'kumaphunzitsa ndi kubatiza, ndipo mtendere utabwerera anayamba kuphunzitsa anthu kaimbidwe ka m'tchalitchi. Bede anamulembera mizere yowerengeka chabe, koma ine ndaibwereza mizereyo kuposa masamba onse a mafumu.

Kenaka kunabwera Aidan. Oswald atatenga ufumu wa Northumbria anaitanitsa aphunzitsi ku Iona, chilumba cha ku Scotland, pakuti iye anabatizidwira kwa anthu a kumeneko ali wothawa kwawo. Woyamba kutumidwa anabwerera akudandaula kuti anthuwo ndi ouma mitu. Aidan anamuyankha kuti anawaumira mtima, sanayambe wawamwetsa mkaka wa chiphunzitso chofewa. Basi, amonke anzake anati apite iyeyo, ndipo mu 635 anakhazikika pachilumba cha Lindisfarne. Chingerezi cha nthawiyo sankachidziwa bwino, choncho iye akamalalikira mfumu Oswald ndiyo inkamasulira pamaso pa nduna zake. Ife amene tinakula tikuona womasulira ataima pambali pa mlaliki wachilendo tikudziwa kuti uthenga wonse umadutsa pakamwa pa munthu ameneyo, ndipo apa ntchitoyo inagwiridwa ndi mfumu.

Aidan ankayenda wapansi kuti azitha kuima ndi kucheza ndi aliyense wokumana naye panjira, wolemera kapena wosauka. Mfumu ina, Oswine, itamupatsa hatchi yabwino, iye anaipereka kwa wopemphapempha pamodzi ndi chishalo chake chachifumu. Ndalama zimene olemera ankamupatsa ankawombolera akapolo, ena mwa iwo n'kuwaphunzitsa mpaka kukhala ansembe. Anatenganso anyamata 12 a m'dzikomo n'kuwalera m'sukulu yake. Apa ndi pamene ndikuona kusiyana: Oswald ataphedwa mu 642, mpingo wa ku Northumbria sunabalalike monga zinachitikira Edwin atafa, chifukwa tsopano unali ndi eni ake.

Miyambo iwiriyi, wa ku Roma ndi wa ku Iona, inkasiyana pa kawerengedwe ka tsiku la Pasaka, moti zinkatheka mfumu Oswiu, mng'ono wa Oswald, kukhala ikudyerera Pasaka mwa mwambo wa ku Iona mkazi wake Eanflæd, wotsata mwambo wa ku Roma, akadali pa kusala kudya. Mlanduwu unakambidwa mu 664 ku Whitby, kunyumba ya amonke imene mayi Hild ankatsogolera, ndipo mfumu inagamula mokomera Roma. Bishopu Colman anachoka ku Lindisfarne kubwerera ku Iona ndi amene sanagwirizane ndi chigamulocho. Dikoni James uja analipo pamsonkhanowo, kumbali ya Roma, patatha zaka zoposa 30 chichokereni Paulinus.