Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mtengo umene ndinaika pa mwana wa achemwali

M'gawo lapitali ndinalekezera pomwe ndinayamba kulembera nyuzipepala ina nkhani zamasewero. Sanandilembe ntchito ayi. Nkhani ikatuluka ankandipatsa kangachepe, ikapanda kutuluka ndiye kuti ndayenda ulere kuchoka ku Bangwe mpaka m'tauni. Gawo lino ndakhala ndikulizemba kwa milungu itatu, chifukwa wolakwa wake si bwana wina kapena boma monga m'magawo ena aja. Ndine ndemwe.

Chinali chaka cha 2004. Amene munkatsata mpira nthawi imeneyo mukukumbukira kuti dziko lonse linapenga ndi ana. Wayne Rooney anali ndi zaka 18 pomwe Manchester United inamugula ku Everton ndi ndalama pafupifupi mapaundi 27 miliyoni, ndipo tsiku loyamba kuvala malaya ofiira anamwetsa Fenerbahçe zigoli zitatu. Mu vidiyo sho ya kwathu mabenchi anathyoka usiku umenewo. Koma amene anandisokoneza mutu ine anali Freddy Adu. Mwana wobadwira ku Tema m'dziko la Ghana, wopita ku America ali ndi zaka 8, anayamba kusewerera D.C. United ali ndi zaka 14 zokha. Kampani ya Nike inali itamupatsa kale mgwirizano wa madola 1 miliyoni, ndipo atolankhani akumeneko ankamutcha Pelé watsopano. Ndinkawerenga zimenezi mu kafe ya intaneti ku Limbe, diso lina pa kompyuta, lina pa wotchi poopa kuti mphindi zingapitirire ndalama zanga. Mumtima ndinkati, mtolankhani amene anayamba kulemba za mwana ameneyu lero ali pati? Ndinkafuna Adu wangawanga.

Sindinavutike kumufuna. Ankagona m'nyumba ya achemwali anga.

Muphwa wangayo anali ndi zaka 16, ali Fomu 2. Anali wamfupi, wamiyendo yamatewe pang'ono, wosayankhulayankhula. Mpira anayambira wachikulunga, wa mapepala a shuga omanga ndi mphira, kenako n'kulowa katimu ka m'dera komwe kankaphunzitsidwa ndi bambo wina wokhoma zidebe. Bambo ameneyo sankalandira kanthu. Mipira ankagula yekha pa kaunjika, ikaphulika n'kumasoka ndi ulusi wa nsapato. Bwalo lawo linali lotsetsereka moti timu yoyamba kumwetsera kumtunda inkapempherera kuti hafu ithe msanga. Pabwalo limenelo ndi pomwe ndinaona mwanayo akudyetsa njomba akuluakulu atatu, wachitatu n'kukhala pansi ngati wamukoka mpando, kenako n'kuuponya ndi mwendo wamanzere pakona pomwe goloboyi anangoyang'ana. Sindikukokomeza. Lero, patapita zaka zonsezi ndipo ndaonera mpira wambiri, ndinganenebe kuti mwana uja ankautha. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ana otero alipo ku Ndirande, ku Chilomoni, ku Area 25, ku Chibavi, bwalo lililonse lili ndi wake.

Nkhani yoyamba ndinailemba modziletsa, ndime zinayi. Mkonzi anaiwerenga ataimirira, n'kundibwezera.

"Mphwanga, mwana wodziwa mpira si nkhani. Akumufuna ndani? Pa ndalama zingati? Anthu amagula pepala akaona nambala."

Nambalayo inabwera yokha patapita milungu iwiri, itavala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo. Anali mkulu wina amene ankati amatenga osewera kupita nawo ku Joni. Anali ndi mafoni awiri, zomwe nthawi imeneyo zinali umboni wokwanira kuti munthu ndi wamkulu, ndi kabuku ka zithunzi zomwe anajambulitsa ndi osewera odziwika pakhomo la mabwalo. Anaonera muphwa wanga hafu imodzi yokha. Atatha anandikokera pambali, n'kunena motsitsa mawu kuti mwana ngati ameneyu matimu a ku South Africa angamugule ndi theka la miliyoni ya ma rand. Sanatchule timu. Ine sindinafunse. Anaonjeza kuti zaka 16 n'zambiri, azungu amafuna nthete, ndiye m'pepala ndilembe 14.

Ndinalemba 14. Ndinalembanso kuti matimu a ku South Africa akulimbirana mwanayu, ndipo mtengo uja ndinausandutsa makwacha kuti mazilo achuluke. Sindinaimbire timu ina iliyonse foni. Nkhani inatuluka Loweruka patsamba lakumbuyo, chithunzi chachikulu, mwana atapondetsa mpira ndi jombo zobwereka zomwe zinamukulira. Dzina langa linali pansi pa mutu wankhani, koyamba m'moyo wanga m'zilembo zonenepa. Lolemba lake wailesi ina inaibwereza pa pulogalamu yamasewero, ndipo muulutsi anaonjezapo zake, akuti ngakhale ku Ulaya amva. Sabata isanathe ndinamva nambala yanga yomwe ija mu minibasi, itakula kawiri, ndipo amene ankainena ankalumbira kuti anauzidwa ndi munthu wa mkati.

Apa ndiime kaye ndifotokoze chinthu chimene anthu a m'dera lathu sankachidziwa, ndipo ine wolembayo ndinkachidziwa mwa apo ndi apo. Ndalama yogulira wosewera siipita kwa wosewerayo. Imachoka ku timu yogula kupita ku timu yogulitsa, chifukwa chimene chikugulidwa ndi mgwirizano umene wosewerayo anasaina. Iye amalandira malipiro ake, mwina ndi kena kosainira. Chitsanzo chinabwera chaka chotsatira. John Obi Mikel wa ku Nigeria, ali ndi zaka 18 ku timu ya Lyn ya ku Norway, anaonetsedwa kwa atolankhani atavala malaya a Manchester United, Chelsea n'kunena kuti mwanayo ndi wawo. Mkangano unatha mu 2006 Chelsea italipira mapaundi 16 miliyoni, 12 miliyoni kupita ku United, timu yomwe Mikel sanaisewerere ngakhale mphindi imodzi, 4 miliyoni ku Lyn. Akuluakulu anagawana. Tsono muphwa wanga analibe mgwirizano ndi aliyense. Katimu kake sikanalembetsedwe kulikonse, kanalibe ngakhale chidindo. Theka la miliyoni lija akanalipira ndani, kwa yani? Funso la mwana wa Sitandade 5, koma palibe analifunsa.

Anthu anangomva kuti mwana wa mayi wosoka uja walemera. Wagolosale anayamba kupereka shuga pangongole mosaumira. Achibale ochokera ku Thyolo amene tinali tisanawaone chimwalirire agogo anatulukira ndi nthochi. Kusukulu aphunzitsi ena ankamutcha bwana, anzake ankamunyamulira chikwama. Pabwalo zinthu zinasintha moipa. Otchinga kumbuyo a matimu ena ankabwera atapangana kuti tione wa miliyoniyo, ndipo ankamupita m'miyendo mpira usanafike. Iyenso anasiya kupatsira anzake. Ankafuna kuti mpira uliwonse ukhale wa m'nyuzipepala.

Wokhoma zidebe uja anabwera kunyumba madzulo ena, chipewa chili m'manja. Anakana mpando, anakhala pakhonde.

"Amalume ake, mwanayu mwamukweza mumtengo wopanda nthambi. Musiyeni alembe kaye JCE. Mpira suthawa."

Ndinamuyankha mwaulemu, koma mumtima ndinkati nsanje, akuopa kuti mwana amuchoka m'manja. Ndinali ine mwini mbumba, bambo ake a mwanayo anali atamwalira, ndiye mawu anga ndiwo anali omaliza. Achemwali anandifunsa kamodzi kokha.

"Achimwene, inu ndi amene munapita kusukulu. Zimenezi n'zoona?"

Ndinati zalembedwa m'nyuzipepala. Ndinayankhadi choncho, ngati kuti analemba ndi munthu wina.

Wa jekete uja anati timu idzabweza zonse mwana akasaina, koma pakadali pano pafunika ya pasipoti, ya basi, ya malo ogona ndi ina yoti akanyowetse kukhosi kwa makochi. Achemwali anagulitsa makina awo osokera, a Singer akuda opalasa ndi phazi, omwe ankadyetsa nyumba yonse. Ndikukumbukira tsiku lomwe anabwera kudzawatenga. Anachotsa kaye ulusi ndi kabobini, n'kupukuta fumbi ndi chitenje chawo, ngati akusambitsa mwana wopita kwa eni. Pansi panatsala mabowo anayi pomwe miyendo ya makinawo inadya simenti. Zotsalazo ndinakatenga katapila. Papasipoti tinalembetsa zaka zodula zija kuti zigwirizane ndi za m'pepala.

Ananyamuka kumayambiriro kwa 2005 pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, iye ndi anyamata ena awiri. Wa jekete anawasiya m'chipinda china pafupi ndi siteshoni ya Park Station ku Joni, n'kunena kuti akukaonana ndi mabwana. Anabwera kawiri. Ulendo woyamba anawatengera pabwalo lina la fumbi komwe kunali anyamata ankhaninkhani ochokera m'maiko osiyanasiyana, aliyense ndi nkhani yake ya m'nyuzipepala yakwawo m'thumba. Muphwa wanga anasewera mphindi zosakwana 20. Ulendo wachiwiri anabwera kudzatenga mapasipoti, akuti akadinditse, koma mmodzi wa anyamatawo anachenjera n'kukana. Wa jekete sanaonekenso. Mafoni onse awiri anazima.

Anawatola ndi mayi wina wa ku Mzimba wogwira ntchito m'nyumba za azungu, amene anawamva akuyankhula Chichewa pa siteshoni. Anawasunga mwezi wathunthu mpaka tinapeza ya basi yobwerera.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndinachidziwa mochedwa, nditayamba kuwerenga malamulo enieniwo. Kuyambira 2001 FIFA, bungwe loyendetsa mpira padziko lonse, imaletsa kusamutsa wosewera wosakwana zaka 18 kupita dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamukira komweko pa nkhani zosakhudza mpira, kapena ngati kwawo ndi kufupi ndi malire. Si lamulo lamasewera. Barcelona inalangidwa nalo mu 2014, Chelsea mu 2019. Ndiye kuti ngakhale kochi wina wa ku Joni akanagwa naye m'chikondi mwanayo, sakanatha kumulembetsa. Ndipo ife podula zaka tinaonjezera dala mtunda. Ndi zaka zake zenizeni akanadikira ziwiri, ndi za papasipoti zinayi. Malamulo omwewo amati wosewera akagulitsidwa kunja mgwirizano usanathe, 5 peresenti ya mtengo wake igawidwe kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Ndikawerenga za João Félix, amene Atlético Madrid inamugula ku Benfica mu 2019 ndi mayuro 126 miliyoni ali ndi zaka 19, ndimaganiza za wokhoma zidebe uja ndi ulusi wake wa nsapato. Anthu ngati iye, opanda kaundula, lamulolo siliwaona.

Adu yemwe ndinkamusirira uja anapita ku Benfica mu 2007 pa madola 2 miliyoni, ndipo kuchoka apo anayendayenda m'matimu oposa 10 m'maiko osiyanasiyana osakhazikika. Iye anali ndi Nike, maloya ndi dziko la America kumbuyo kwake. Wathuyu anali ndi ine.

Atabwerako sanabwerere kusukulu. Ankati sangakhale m'kalasi momwe aliyense akumufunsa za miliyoni. Pabwalo anapitako kangapo, anthu n'kumakuwa kuti wa ku Joni wafika, wabwera ndi ndege yanji. Anasiya. Nyuzipepala sinalembe kuti wabwerako. Ndinapita nayo nkhaniyo kwa mkonzi, pang'ono pofuna kudziyeretsa, iye anati mwana wolephera mayeso a mpira si nkhani. Sabata yomweyo tsamba lakumbuyo linali ndi mwana wina, wa ku Lilongwe, wolembedwa ndi mnzanga.

Katapila ndinabweza chaka ndi theka. Makina ndinawagulira achemwali ena mu 2008, amagetsi, koma mpaka lero amati sasoka ngati aja.

Muphwa wanga tsopano ndi bambo wa ana atatu, amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Limbe. Sitinakambepo za nkhaniyi kwa zaka 17. Mu Januwale 2022 tinaonera limodzi kunyumba kwake masewero a Flames ndi Morocco ku Cameroon, tsiku lomwe Gabadinho Mhango anaona goloboyi atasuntha n'kuumenya kuchokera kutali kuja. Tonse tinadumpha, tebulo linagwa, mwana wake wamng'ono analira ndi mantha. Morocco itabweza n'kupambana 2-1, anthu atabalalika, tinatsala awiri panja. Ndinayamba kuyankhula, mawu akukanirira pakhosi, kuti mphwanga, za chaka chija.

Anandidula. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi Baibulo la mayi ake, lomwe anamupatsa atakwatira. Pakati pa Masalimo panali pepala lija, lachikasu, lopindidwa kanayi. Analitambasula pa bondo pake pansi pa babu, n'kuloza chithunzicho ndi chala chopsa ndi moto wowotcherera.

"Amalume, jombo izi zinali za ndani kodi? Ndakhala ndikuganiza, sindikumukumbuka mwini wake."

Inenso ndinali nditaiwala. Tinakhala pamenepo mpaka usiku kutchula mayina a anyamata a timu ija mmodzimmodzi, amene ali ku Joni, amene ali kumudzi, amene anatisiya, kufunafuna amene ankavala saizi 9.