Mapazi a ku Chikwawa anagonja ku Mihintale

Ine ndinakulira ku Chikwawa, kumene mchenga wa mu Okutobala umapsereza ndi nkhuku zomwe. Ndiye mayi wotiperekeza ku Mihintale, phiri lopatulika la Abuda kufupi ndi Anuradhapura ku Sri Lanka, atanena kuti titenge masokosi poti nsapato tikavula, ndinangoseka. Masokosi? Ine amene nsapato ndinazidziwa ndili Sitandade 8?

Tinayambira pa miyala iwiri ikuluikulu yoimika, yolembedwa molamulidwa ndi Mfumu Mahinda IV, imene inalamulira kuyambira 956 mpaka 972. Mfumuyi sinkafuna mikangano: inalembetsa pamwala malamulo a amonke ndi malipiro a antchito, ophika ndi ochapa zovala omwe. Abwana anga akanatengerako nzeru.

Kenaka tinafika pa Kantaka Chetiya, chichulu cha njerwa chosungiramo zopatulika, cha zaka zoposa 2,000, chimene nsonga yake inagumuka kalekale. Dzuwa lili paliwombo. Ndinavula nsapato monyadira, n'kuzisiya pansi pa mtengo.

Poyamba ndinalimba chamuna. Posakhalitsa, mayo ine! Mwala wopondapo uja unali phale ndithu, ine chimanga chokazinga, kuthetheka uku ndi uku. Agogo ena ovala zoyera, maluwa ali m'manja, anandidutsa mwachifatse opandanso masokosi, n'kundiyang'ana ngati mwana wodwala.

Ndinathawira kuphanga lina pansi pa chimwala chapafupi. Mayi uja ananditsata, akuyesa kuti ndakopeka ndi mbiri yakale, nayamba kundilozera zilembo zamakedzana zotchedwa Brahmi zogobedwa pamwamba pa khomo, zonena kuti phangalo linaperekedwa kwa amonke. Ndinkagwedeza mutu ngati mphunzitsi wamkulu, uku ndikuuzira zidendene mobisa.

“Bambo,” anatero mayiyo, “nsapato ijayi si yanu?”

Kucheuka, pusi ali phee panthambi, nsapato yanga yakumanzere waikumbatira ngati khanda. Ndinayesa kumunyengerera ndi nthochi. Anatsika, nthochi analandira, nsapato osabweza. Apusi a kwathu amaba chimanga, koma chinyengo cha mtundu uwu sindinachionepo.

Phirili lili ndi masitepe 1,840. Amene anandigwera ine ndinawatsika motsimphina, phazi lina munsapato, lina musokosi yapinki yobwereka kwa mayi yemwe ndinamuseka uja.

Kunyumba, amayi a ana atafunsa za nsapato inayo, ndinati ndinapereka nsembe. Anangoti, “Nanga yotsalayi mukusungira mulungu uti?”