Tinayeza kukula kwa dziko ndi zitsulo ziwiri, china ku Ngabu china ku Karonga

Kawiri pachaka dzuwa limadutsa ndendende paliwombo pathu kuno kuchigwa cha Shire, moti mtengo wa magetsi kapena mzati uliwonse woongoka umasowa chithunzithunzi kwa mphindi zowerengeka. Ku Ngabu kuno zimachitika cha pa 8 Novembala, n'kudzabwerezanso cha pa 3 Febuluwale. Ine ndi ana anga a Sitandade 7 tinatengerapo mwayi pa tsiku la mu Novembala kuyeza kukula kwa dziko lapansi, ndipo ndifotokoza mmene tinachitira kuti wina ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Nsanje adzayesenso. Ana athu amaloweza kuti dziko ndi lobulungira, amalemba pamayeso n'kukhoza, koma ambiri mumtima amakayikabe. Ndinkafuna adzionere okha.

Dziko limazungulira dzuwa litapendekeka ndi madigiri 23.4, ndiye malo amene dzuwa limaima pamutu masana amasunthasuntha chaka chonse. Likamatsikira kummwera limafika ku Karonga cha pa 19 Okutobala, ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi womwewo, ku Blantyre cha pa 5 Novembala, paboma la Chikwawa mawa lake, ku Nsanje cha pa 10. Limapitirira mpaka pa mzere wa Capricorn, kukafika pa 21 kapena 22 Disembala, kenako n'kubwerera. Choncho tsiku lanu limadalira kumene muli.

Zipangizo si zovuta kupeza. Tinatenga chitsulo choongoka chotsala pomanga nyumba, n'kuchikhoma pabwalo la sukulu mpaka chotsala pamwamba pa nthaka chinakwana mita imodzi ndendende. Pansi pozungulira tinasalaza n'kuzira ndi dothi, ndipo mmisiri wina womanga anatibwereka levulo kuti tione ngati pali pofanana. Kuimika chitsulocho kuti chisapendekere kulikonse ndiye kumafuna kudekha. Tinamangirira mwala kuchingwe n'kuchilendeweza pambali pake, wina akusuzumira chakummawa, wina chakumpoto, mpaka onse awiri atavomereza kuti chitsulo ndi chingwe zagwirizana. Musachite mphwayi pamenepa, chifukwa chikapendekera digiri imodzi yokha chimakupatsani chithunzithunzi chabodza cha masentimita pafupifupi 2. Tchinganiponso ndi minga, poti mbuzi zimakonda kudzikhula pa chilichonse choimirira.

Chovuta chenicheni ndi nthawi. Aliyense amadziwa kuti dzuwa limafika paliwombo 12 koloko, koma kuno mukadikira 12 koloko mupeza zitatha kalekale. Nthawi ya pawotchi ya Malawi, yomwenso amayendera anzathu a ku Mozambique, Zambia ndi Zimbabwe, imawerengedwa potengera mzere wa madigiri 30 kummawa kwa Greenwich, malo a ku London kumene amayambira kuwerenga madigiriwa. Ife tili pafupi ndi madigiri 35, ndipo dzuwa limatenga mphindi 4 kuti lidutse digiri imodzi, ndiye limatipeza mphindi pafupifupi 20 wotchi isanakwane. Palinso china. Popeza dziko ndi lopendekeka, komanso liwiro lake pozungulira dzuwa silifanana chaka chonse, dzuwa limatsogola miyezi ina n'kumatsalira miyezi ina poyerekeza ndi wotchi. Kumayambiriro kwa Novembala limatsogola ndi mphindi 16, kuposa nyengo ina iliyonse pachaka. Mukaphatikiza zonsezi, masana enieni ku Ngabu amakwana cha m'ma 11:24.

Sindinafune kuti ana angomva nambalayi kwa ine, ndiye kumapeto kwa Okutobala tinaifufuza tokha. Tinakoloweka chingwe patsinde pa chitsulo, kunsonga kwake n'kumangako msomali, n'kujambula mzere wozungulira pa mtunda wa masentimita 50. Mmawa chithunzithunzi chimakhala chachitali, choloza kumadzulo, ndipo chimafupika pang'onopang'ono. Nsonga yake itangokhudza mzere uja, cha m'ma 9:40, tinakhomapo kamtengo n'kulemba nthawi ya pafoni. Kenako chinalowa mkati, n'kudzayamba kutalikira kummawa, ndipo chinakhudzanso mzerewo itangopitirira 1 koloko. Tinakhomaponso kamtengo kena. Nthawi ya pakatikati pa ziwirizo ndiye masana enieni, ndipo inagweradi pafupi ndi 11:24. Chingwe cholumikiza timitengo tiwirito chimaloza kummawa ndi kumadzulo, choncho mwapezeratunso kumpoto ndi kummwera popanda kampasi.

Kuyambira pamenepo, tsiku lililonse la sukulu ana awiri ankatuluka nthawi imeneyo ndi rula ndi kope. Cha pa 25 Okutobala chithunzithunzi cha masana chimakhala masentimita pafupifupi 8, choloza kummwera, ndipo chimachepa ndi theka la sentimita patsiku. Ana anadandaula kuti nsonga yake siyooneka bwino, ndi yambuu. Sanalakwitse. Dzuwa si kadontho, lili ndi kukula kwake kumwambako, pafupifupi theka la digiri, ndiye m'mphepete mwa chithunzithunzi mumasungunuka kwa sentimita imodzi. Tinagwirizana kuti tiziyeza kuchokera m'mbali mwa chitsulo, mbali imene chithunzithunzi chagwera, kukalekeza pakati pa mbuu ujayo, ndipo aliyense azitsata zomwezo.

Kuti muyeze dziko pamafunika munthu wachiwiri amene ali kutali kumpoto, ndipo kutalika kwa Malawi kumatikomera pamenepa. Alamu anga amagwira ntchito ku Karonga. Ndinawapempha kuti aimike chitsulo chawo cha mita imodzi mofanana ndi chathu, ndipo tinkatumizirana zithunzi pa WhatsApp mpaka ndinakhutira kuti chaima bwino. Karonga ali digiri imodzi chakumadzulo kwa ife, ndiye masana awo amachedwa ndi mphindi 4. Ndinawauza kuti azilemba chizindikiro pansonga ya chithunzithunzi mphindi ziwiri zilizonse kuyambira 11:15 mpaka 11:40, kenako ayeze chachifupi kuposa zonse.

Amene anakhalapo kuno mu Novembala akudziwa mmene kumatenthera mvula isanagwe, mpaka kupitirira madigiri 40. Ana ndinawasunga pansi pa mtengo wa nimu ndi ndowa ya madzi akumwa, n'kumawatulutsa m'timagulu. Lamulo linali limodzi: palibe kuyang'ana dzuwa, maso onse pansi. Agogo amene amalondera pasukulupo anabwera ndi ndodo yawo n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, dzuwa loswa mtengoli mukufunanji pabwalo ndi ana?" Ndinawayankha kuti, "Agogo, khalani pompa pang'ono, muona nokha."

Itakwana 11:15 chithunzithunzi chinali chitatsala masentimita 4 okha chakumadzulo, ndipo chinkafupika tikuchiona. Chinayandikira patsinde pa chitsulo, n'kulowa, n'kusowa. Tinali titaimikanso chitini chopanda kanthu, ndipo kuwala kunadzaza pansi pake ponse, osasiya mdima m'mbali. Mnyamata wina anagwira paipi ya madzi choimirira pamwamba pa nthaka, pansi n'kuoneka kabwalo kowala kozungulira bwinobwino. Mtsikana wina anayamba kudumphadumpha kuti aone chithunzithunzi chake chomwe chinabisala kunsi kwa mapazi, anzake n'kumutsatira. Agogo aja anaimika ndodo yawo, n'kuizungulira mbali zonse akupukusa mutu. Pasanathe mphindi zingapo, kachithunzithunzi kanatulukira kummawa.

Ndinadikira kuti a ku Karonga amalize, kenako ndinaimba foni ana onse akumva. "Alamu, kuno chinasowa. Kwanuko bwanji?" Iwo anati, "Kuno sichinasowe alamu, chachifupi kwambiri chakwana masentimita 11 ndi theka, chaloza kumpoto."

Tinabwerera m'kalasi ndi funso limodzi. Dzuwa ndi lomwelo, zitsulo n'zofanana, zonse zaima chilili, nanga bwanji china chili ndi chithunzithunzi pamene china chilibe? Dzuwa lili kutali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, moti kuwala kwake kumafika ku Ngabu ndi ku Karonga kuchokera mbali imodzimodzi. Dziko likanakhala lafulati, zitsulo zonse ziwiri zikanasowa chithunzithunzi. Ndinabaya machesi awiri pa lalanje motalikirana, ana n'kuona kuti ngakhale onse aima chilili pamalo pawo, sakuloza kumodzi.

Pabolodi tinajambula mzere woimirira wa masentimita 100 ndi wogona wa 11 ndi theka, n'kulumikiza nsonga zake. Ngodya ya pamwamba inakwana madigiri 6.5, ndipo kumeneku ndiye kusiyana kwa kumene zitsulo ziwirizo zikuloza, ngati machesi a pa lalanje aja. Kuzungulira dziko lonse ndi madigiri 360, ndipo 6.5 amalowa mu 360 pafupifupi ka 55. Ndiye kuti mtunda wa Ngabu ndi Karonga, mutauyenda ka 55, mwazungulira dziko. Apa musatenge makilomita a msewu wa M1, chifukwa umakhotakhota. Pamafunika mtunda wolunjika, ndipo pa Google Maps tinaupeza kuti ndi makilomita pafupifupi 730. Mtsikana wa kudumphadumpha uja ndiye anayamba kumaliza kuchulukitsa: 40,150. Muyeso weniweni wodutsa kunsonga zonse ziwiri za dziko ndi makilomita 40,008.

Njirayi si yanga. Eratosthenes, amene ankayang'anira laibulale ya ku Alexandria m'dziko la Egypt zaka zoposa 2,200 zapitazo, anadziwa kuti ku Syene, komwe lero ndi Aswan, dzuwa limaima pamutu tsiku lina pachaka. Atayeza chithunzithunzi ku Alexandria tsiku lomwelo anapeza madigiri 7.2, gawo limodzi mwa magawo 50 a dziko lonse.

Yankho lanu likaphonya ndi makilomita zikwi zingapo musataye mtima, chifukwa sentimita imodzi yokha pa muyeso wa ku Karonga imasintha yankho ndi makilomita oposa 3,000. Mitambo ikaphimba pa tsiku lenilenilo, chitani tsiku lina loyandikira, koma muyeze zithunzithunzi zonse ziwiri. Chanu chikaloza kummwera muphatikize ndi cha anzanu a kumpoto, chikaloza kumpoto muchotsere. Mu Febuluwale mwayi umabweranso, kungoti nthawi imeneyo dzuwa limatsalira ndi mphindi 14, ndiye masana enieni ku Ngabu amakwana cha m'ma 11:54, ndipo ndi pakati pa dzinja pamene mitambo siisowa.