Kathumba ka madzi m'mutu: momwe ndinaphunzirira kukazindikira

Nditangoyamba kuwerenga zithunzi za ubongo, anandipatsa chithunzi cha CT (X-ray yoonetsa mkati mwa mutu) cha mnyamata amene anagwa n'kumenyetsa mutu. Kumanzere, cha kutsogolo kwa khutu, kunali malo akuda bii, aakulu ngati dzira. Mtima unandigunda. Ndinathamangira kwa dokotala wamkulu ndili ndi mawu akuti khansa pakamwa. Iwo anandikhazika pansi nati, "Musatchule kaye dzina la matenda. Yerekezani malowo ndi madzi a m'ma ventricle, timipata ta madzi ta pakati pa ubongo."

Kuyambira pamenepo ndimayambira pomwepo. Ubongo uli ndi madzi akeake, ndipo kathumba ka arachnoid, kamene kamapangika m'kachikuto kopyapyala kokuta ubongo, kamadzaza ndi madzi omwewo, choncho mtundu wake uyenera kufanana nawo pa chithunzi chilichonse. Pa CT ya mnyamatayo, malo akudawo ndi madziwo zinafanana. M'mbali mwake munali mosalala, ndipo kanali kunja kwa mnofu wa ubongo, kakungoukankhira pambali. Fupa la chigaza pamalopo linali lopyapyala, lotukuka pang'ono. Fupa silisintha choncho m'masabata ochepa. Mnyamatayo ayenera kuti anabadwa nako.

MRI, njira yojambulira pogwiritsa ntchito maginito, ndi imene inandiphunzitsa kuleza mtima. Imatulutsa zithunzi zamitundu ingapo, monga T1, T2, FLAIR ndi DWI. Pa T1 kathumbako kanali kakuda, pa T2 koyera mbee, pa FLAIR kanadanso monga amachitira madzi a ubongo. Ndinafuna kulemba lipoti pompo, koma adokotala anandiuza kuti nditsegule DWI. Pali chotupa china, epidermoid, chomwe pa T1 ndi T2 chimanamiza ngati madzi, koma mkati mwake muli keratin, chinthu chomwe chimapanga tsitsi ndi zikhadabo, ndipo pa DWI chimawala. Kathumba kathu kanakhalabe kakuda. Mnyamatayo atamubaya mumtsempha gadolinium, mankhwala othandiza kuti zotupa ziwale pa chithunzi, khoma lake silinawale, ndipo ubongo wozungulira sunatupe.

Pali ziwiri zimene sindizinyalanyaza ngakhale nditatopa bwanji. Ndikaona timathumba tating'ono tokhala ndi kadontho mkati, makamaka kwa munthu amene wayamba kugwa khunyu, ndimaganizira mphutsi za nyongolotsi ya nkhumba, Taenia solium, pakuti kadonthoko ndi mutu wa kachiromboko. Chinanso ndi kathumba kotchedwa colloid cyst. Kamakhala kakang'ono, kawirikawiri koyera pa CT, koma kamakhala pa kabowo kotchedwa foramen ya Monro, pomwe madzi amadutsira, ndipo kakatseka njirayo munthu amatha kufa mwadzidzidzi. Kukula kwa kathumba sikundiopsa ngati malo amene kakhala.

Popeza mnyamatayo anali atagwa, tinabwereranso ku zithunzi kufufuza magazi, chifukwa anthu okhala ndi kathumba kotere amatha kukha magazi pansi pa chikuto cha ubongo akamenyetsa mutu. Munalibe.

Mayi ake anali panja, atagwira chibwano. Ndinawalowetsa, n'kuwalozera madzi a pakati pa ubongo, kenako kathumbako, kuti adzionere okha kuti n'zofanana. Ndinawauza kuti opaleshoni sikufunika, koma mwana akayamba kusanza, kumva mutu kwambiri kapena kusinza modabwitsa, abwere naye tsiku lomwelo.