Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Asilikali a ku Morondava

M'gawo lathali ndinalekezera pamene amayi ananditula kwa agogo ku Zomba, mbali ya ku nyanja ya Chilwa, m'chaka cha 1986, ndili ndi kachikwama ka malaya awiri ndi mbale imodzi. Ndinali ndi zaka 12. Lero ndikambe za agogo aamunawo, ndi za tsiku limene ndinawachita chinthu chimene mpaka pano chimandiluma mumtima.

Agogo anali a Keyala, gulu la asilikali achiafirika la Angerezi lotchedwa King's African Rifles (KAR). Anamenya nawo nkhondo ya Hitler, koma Hitler kapena Mjeremani aliyense sanamuonepo. Iwo nkhondo yawo inali ya ku Madagascar mu 1942, ndipo adani awo anali Afalansa. Izi zinkandisokoneza mutu, poti aphunzitsi ankati Afalansa ndi Angerezi anali mbali imodzi. Ndinadzamvetsa pambuyo pake kuti dziko la France litagonja mu 1940, chilumbachi chinatsala m'manja mwa boma la Vichy, lomwe linkamvera Majeremani, ndipo Angerezi ankaopa kuti Ajapani atenga doko la Diego Suarez n'kumamiza sitima zodutsa m'nyanja ya pakati pa Madagascar ndi Mozambique.

Nkhani zawo sankazikamba mukawapempha. Zinkatuluka zokha pa bawo, madzulo, pansi pa mtengo wa mango. Kasewero kawo kanali kokwiyitsa. Ankayang'anitsitsa mbali imodzi ya bawo, kuwerenga nkhomo ndi chala, kupukusa mutu, mwina kudandaula kumene. Iwe n'kuthamangira kuteteza mbali imeneyo. Kenako dzanja lawo linkagwera mbali inayo, n'kukudya mpaka kutsala mbee.

"Iwe mdzukulu, umayang'ana maso anga. Amasewera bawo ndi maso?"

Nkhani imene ankaikonda inali ya ku Majunga, doko lina la ku Madagascar. Ankati anakwezedwa sitima osauzidwa kopita. Ena ankati ndi ku India, ena ankati tikubwerera kwathu. Kutacha anangoona gombe, mizinga italeka kale kulira, n'kuuzidwa kuti tsikani, muyende mpaka ku Tananarive, likulu la chilumbacho. Msewu wonse Afalansa anali atagwetsamo mitengo ndi kuunjikamo miyala, mlatho waukulu wa pa mtsinje wa Betsiboka atauwononga. Ntchito inali yochotsa chipika, kuyenda pang'ono, kuwomberedwa kuchokera m'phiri, kuchotsanso chipika china.

Ndiye ndinkawafunsa kuti, "Agogo, simunkaopa?"

Yankho linali limodzi nthawi zonse. "Tiope chiyani? Kummwera kwathu kunali chikhamu cha asilikali chimene chinatsikira ku Morondava. Anthu ngati linthumbu. Mfalansa akanati atitsekereze, iwowo akanam'tulukira kumbuyo." Ankati anamva kwa kopolo wina amene anamva kwa wonyamula wayilesi. Chikhamu chimenechi sanachionepo ndi maso, koma ankachikamba ngati abale awo. Usiku wina atagona m'ngalande mvula ya zipolopolo ikudutsa pamwamba, akuti chinawalimbitsa mtima n'chakuti anyamata a ku Morondava ali pafupi kufika.

Mu 1989 ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera konko. Mulaibulale munali mabuku akale a nkhondo, ena opanda zikuto, amene palibe ankawagwira. Ine ndinawagwira chifukwa cha agogo. Ndipo mmenemo ndinapeza Madagascar yense, ndi masiku ake.

Ndinawerenga kuti nkhondoyo inayamba pa 5 Meyi 1942, gulu la agogo lisanafike n'komwe. Khomo la doko la Diego Suarez lili kum'mawa, ndipo mizinga ikuluikulu ya Afalansa inaloza kumeneko. Angerezi anatumiza sitima imodzi, HMS Hermione, kuti ikachite phokoso kum'mawako: kufukiza utsi, kuwombera zowala m'mwamba, kuoneka ngati kumbuyo kwake kuli sitima zambirimbiri. Ndege nazo zinaponya zidole zomangirira ku maparachuti kuti ziziwoneka ngati anthu. Uku asilikali enieni akutsikira kumadzulo, ku Courrier Bay, kumene Afalansa ankadalira miyala ya m'madzi ndi mabomba otchera kuti sitima sizingadutse usiku. Ndinaseka ndekha mulaibulalemo, chifukwa mwana aliyense wokumba mbewa amazidziwa zimenezi: utsi umaufukizira ku una, koma chibonga umadikira nacho ku mbuli.

Chimene chinandisangalatsa koposa ndi cha usiku wa pa 6 Meyi. Nkhondo ya pamtunda itavuta, sitima yaing'ono yotchedwa HMS Anthony inathamanga mumdima kulowa m'doko momwemo, pansi pa mizinga, n'kutula asilikali 50 okha kumbuyo kwa adani. Anthu 50! Ntchito yawo inali yongosokoneza. Chipwirikiti chimene anachita m'tauni chinapangitsa Afalansa kuganiza kuti azingidwa, ndipo pa 7 Meyi tauniyo inagonja.

Kenako ndinafika pa 10 Sepitembala, tsiku la ku Majunga. Zonse zinali monga ankanenera agogo: mitengo mumsewu, mlatho wa Betsiboka, kulowa mu Tananarive pa 23 Sepitembala. Ndinanyada. Koma m'munsi mwa tsambalo munali mizere yochepa ya Morondava. Kumeneko kunapita sitima imodzi ya ku Australia, HMAS Napier, n'kutula kagulu kochepa ka makomando. Anatumidwa kuti akachite ngati ndi gulu lalikulu, mbiri yabodzayo ifike ku likulu, Afalansa agawe asilikali awo. Chikhamu chija kunalibe.

Mnyamata wa Fomu 1 akadziwa chinthu chimene akuluakulu sakuchidziwa, chimamuyabwa ngati chitedze. Holide ya Disembala sindinadikire n'komwe kuti nditule katundu bwinobwino. Ndinawapeza pa bawo ndi anzawo awiri, mmodzi wa iwo mkulu wa mpingo. Ndikanadikira anthuwo achoke. Sindinadikire.

"Agogo, ku Morondava kuja kunalibe asilikali ambiri ayi. Linali bodza lonamiza Afalansa. Zili m'buku."

Mkulu wa mpingo uja anandiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro. Agogo sanakweze mutu. Nkhomo zinali m'manja, anapitiriza kutakata mpaka zinatha.

"Anali angati?"

"Ochepa, agogo. Okwana m'sitima imodzi yaing'ono."

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anaseka, koma sikunali kuseka kwawo kwa masiku onse kuja.

"Ndiye kuti m'ngalande muja tinali tokha."

Palibe anayankha. Agogo aakazi, amene ankamva zonse ali pa mtondo, anandiitana kuti ndikatunge madzi, chonsecho mitsuko inali yodzaza.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti cholakwa changa chinali kuwatsutsa pagulu, ndipo n'zoona, kumeneko kunali kusowa mwambo. Koma pano ndikuona kuti chinawapweteka ndi china. Bodza lija analikonzera Mfalansa, koma linakola ndi iwo omwe, ndipo palibe bwana ndi mmodzi yemwe amene anaona chifukwa chodzawauza zoona nkhondo itatha. Mabuku amayamikira nzeru za amene anakonza chinyengocho, ndipo nzeruzo zinalipodi: ku Tamatave pa 18 Sepitembala sitima zinangofola kutsogolo kwa tauni, mizinga kulira kwa mphindi zochepa, mbendera yoyera n'kukwera. Anthu ambiri anapulumuka imfa chifukwa cha njira zoterezi. Koma wonyamula mfuti wa ku Nyasaland anali nkhomo pa bawo la anthu ena. Anauzidwa chokhacho chimene chikanamuyendetsa, kapena anangosiyidwa kuti akhulupirire mphekesera poti zinali zothandiza. Bwanamkubwa wa Chifalansa, Armand Annet, anagonja pa 6 Novembala 1942, ndipo agogo anasunga chikhamu chawo chosaonekacho zaka 47, mpaka chinaphedwa ndi mwana wa kabudula wa kusukulu.

Novembala wotsatira ndinali kunyumba chifukwa cha malungo, ndipo ndinawaperekeza ku mwambo wokumbukira asilikali pa chipilala cha Keyala ku Zomba. Ndinawapukutira mamendulo ndi phulusa. Mwambo utatha, anyamata ena a yunifolomu anawazungulira kuti amve za Madagascar. Anayamba bwinobwino: sitima, Majunga, mitengo mumsewu. Mtima wanga unayamba kugunda atayandikira malo aja.

"Kummwera kwathu," anatero, n'kunditembenukira, "kunali anyamata a ku Morondava. Kuchuluka kwawo mufunse mphunzitsi wangayu."

Anyamatawo anandiyang'ana onse. Ine ndinati, "Anali ngati linthumbu."

Pobwerera anandigulira chikondamoyo pa depoti, osanena kanthu. Sabata yamawa ndikamba za mmene ndinathawira kusukulu kukayamba usodzi ku Kachulu.