Foni ya amama isanapite kukaflashidwa

Amama anafika ku Chipata Lachisanu masana kuchokera kumudzi kwathu cha ku Vubwi, atanyamula kathumba ka nshawa ndi foni yokulungidwa m'kampango. Asanamwe n'komwe madzi anandipatsira foniyo. "Yafa iyi, mwanawe. Mng'ono wako akuti ipite ikaflashidwe."

Mawu akuti kuflasha ndimawaopa. Kwathu kuno foni ikangovuta pang'ono, mankhwala ake amakhala omwewo, koma ambiri sadziwa kuti kuflasha n'kufufuta zonse zili m'kati n'kuikamo pulogalamu yoyendetsa foni mwatsopano. M'foni ya amama munali zithunzi za ukwati wa mlongo wanga, manambala a anthu a kumpingo ndi a ku kopaletivu ya feteleza, komanso mauthenga atatu a mawu amene malemu atate anatumiza pa WhatsApp ali m'chipatala. Kwina kulikonse kunalibe. Ndinawauza kuti foniyo igone kaye kwa ine, kwa okonza tipita zikatikanika.

Ndinayamba ndi kufunsa, monga amachitira adokotala. Vuto linayamba liti? Inagwa? Inanyowa? Amama anakana zonse. Nditafunsabe mofatsa, zinadziwika kuti "kufa" kwakeko kunali matenda atatu osiyana. Sinkachaja pokhapokha atapinda chingwe n'kuchitsamiritsa ndi mwala. Ikayaka inkangoima, osamva chala. Ndipo masabata angapo zithunzi za pa WhatsApp sizinkatseguka. Matenda atatu amafuna kuwaona limodzilimodzi, apo ayi sudziwa chimene chachiza chiyani.

Za kuchaja ndimasintha chinthu chimodzi pa nthawi. Ndinaika chingwe changa pa mutu wa chaja yawo, kenako chingwe chawo pa mutu wanga, kenako soketi ina. Chingwe cha amama chinali chothyokera m'kati pafupi ndi kamutu, ngakhale kunja chinkaoneka bwinobwino. Koma ndi changanso foni inkalandira moto n'kusiya. Apo ndinatenga tochi n'kuunika m'kabowo kolowetsa chaja. Munali mutadzaza. Ndinazimitsa foni, ndinasongola kamtengo ka machesi ndi lumo, n'kuyamba kukokera panja pang'onopang'ono, osakhudza kalilime kapakati. Munatuluka kampira ka ulusi wa chitenje wosakanikirana ndi fumbi lofiira, kolimba ngati kanjere ka mapira. Amama anakaona n'kuseka, ndipo m'pamene anavomera kuti foniyo imakhala yomangidwa m'chiuno tsiku lonse kudimba. Singano kapena phini musalowetsemo, chitsulo chikhoza kugunditsa timawaya n'kuwotcha malowo.

Ndisanaiike pa moto ndinaigoneka pa tebulo kuti ndione ngati ikhala mwafulati. Batire ikatupa imakweza chivundikiro chakumbuyo kapena galasi, ndipo yotere sichajidwanso, imasinthidwa basi, chifukwa ikhoza kuyaka. Yawo inali bwino. Ndinaisiya pa chaja theka la ola osaigwira. Batire yotheratu moto siyankha msanga, ndipo anthu ambiri amataya mtima pa mphindi ziwiri zoyamba. Kenako ndinadina batani loyatsira osachotsa chala kwa masekondi pafupifupi 30, ndipo inanjenjemera n'kuyaka.

Kuima kwake sikunandivute kupeza. Ndinalowa mu Settings n'kupita pa Storage: mwa 32 GB munatsala malo osakwana n'komwe theka la GB imodzi. Foni ya Android ikadzaza chonchi imasowa popumira, chilichonse chimachedwa, ndipo zithunzi zatsopano zimasowa pokhala. Ndiye kuti matenda achiwiri ndi achitatu anali amodzi. Wodzaza malo anali WhatsApp. Mukalowa mu Settings yake, pa Storage and data, kenako Manage storage, imakuonetsani payokha zinthu zoposa 5 MB ndi zimene zatumizidwa kwa anthu ambirimbiri. Amama ali m'magulu asanu ndi limodzi, ndipo vidiyo imodzi ya kwaya ndinaipeza kanayi. Tinakhala pamphasa mpaka dzuwa kulowa, ine ndikuonetsa, iwo akuweruza. "Iyo fufuta. Iyo ayi, ndi mwana wa abusa ameneyo." Sindinafufute kanthu popanda iwo kuvomera, poti chimene ine ndimachiona ngati chinyalala kwa iwo ndi chuma. Pamapeto ndinazimitsa Media auto-download kuti mavidiyo asamadzilowere okha, zimenenso zimapulumutsa bandulo.

Mu Settings ya foni, pa pulogalamu iliyonse, pali mabatani awiri oyandikana amene amapweteketsa anthu: Clear cache ndi Clear data. Loyambalo limachotsa zinyalala zosakhalitsa, palibe chimene mumataya. Lachiwirilo limabweza pulogalamu poyambira, ngati mwangoiika kumene, ndipo pa WhatsApp limeneli musaliyerekeze ngati simunasunge macheza anu kwina.

Malo atapezeka, foni inkathamanga, koma malonda ankangotulukira pa galasi ngakhale osatsegula kanthu. Ndinagwira batani loyatsira, n'kukanikiza kwa nthawi pa mawu akuti Power off mpaka inafunsa za Safe mode. M'menemo mumayenda mapulogalamu obwera ndi foni okhaokha. Malonda aja anasiya, kusonyeza kuti wolakwa ndi mlendo amene wina anamuika. Ndinapeza awiri, onse odzitcha oyeretsa foni ndi osunga batire, ndipo mng'ono wanga ndiye anawaika mwa chifundo. Ndinawachotsa. M'maganizo mwanga mapulogalamu amtunduwu ndi ngati mlonda amene amadya chimanga chimene akulondera.

Za netiweki ndinadutsapo msanga. Ndinayatsa Airplane mode, imene imadula netiweki yonse, n'kuzimitsanso, ndinaona ngati bandulo ilipo, n'kuika deti ndi nthawi kuti zizidzikonza zokha, chifukwa WhatsApp imakana kugwira ntchito deti likasokonekera. Chinthu chimodzi chokha n'chapadera kwa ife a m'malire. Kumudzi kwathu, monganso cha ku Mwami, foni nthawi zina imadumphira pa netiweki ya ku Malawi yokha. Ndinazimitsa kusankha netiweki kwa otomatiki n'kusankha pamanja ya simu yawo.

Chimene chinanditulutsa thukuta chinali pasiwedi ya Google. Ndinafuna kusunga zinthu zawo, koma amama sankadziwa n'komwe kuti ali ndi akaunti. Ndinaimbira mng'ono wanga, amene anaitsegula tsiku logula foni. "Achimwene, ndinaiwala kalekale," anatero. Apa m'pamene kuflasha kukanatigwetsera m'dzenje lachiwiri. Kuyambira pa Android 5.1, ya mu 2015, foni yofufutidwa akaunti isanachotsedwemo imafuna akaunti yomweyo ndi pasiwedi yake isanalole munthu kulowa. A Google anachita zimenezi pofuna kukhaulitsa akuba, koma zimagwiranso mwini wake woiwala. Mwayi wathu unali woti nambala yolembedwa pa akauntiyo inali ya amama. Ndinadina Forgot password, nambala yachinsinsi inabwera pa meseji, ndipo tinapanga pasiwedi yatsopano. Ndinailemba m'kope limene amasungamo za feteleza, lomwe silituluka m'sutikesi. Pansi pake ndinalemba IMEI, manambala 15 amene amaoneka mukaimba *#06#, ofunika foni ikabedwa.

Kenako ndinasamutsira manambala a anthu ku akauntiyo, n'kuyatsa Chat backup ya WhatsApp kuti macheza apite ku Google Drive, mosungira zinthu pa intaneti, kumene munthu aliyense amapatsidwa 15 GB yaulere. Ndinachita izi usiku pa intaneti ya kunyumba kwanga kuti bandulo yawo isathe. Sindinakhutire nazo zokhazo. Ndinalumikiza foni ku laputopu, n'kusankha File transfer pa kauthenga kamene kamatuluka pamwamba (mukapanda kutero kompyuta imangochaja, siona kanthu), ndipo ndinakopera zithunzi zonse ndi mawu a atate aja.

Tili pomwepo ndinawakumbutsa za anthu oimba foni n'kumadzitcha a kampani. Nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni, kapena manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa meseji, sapatsa munthu, ngakhale atalankhula mwaulemu chotani. Amama anati zimenezo amazidziwa kale, abusa analengeza m'tchalitchi.

M'mawa mwake vuto limodzi linatsalabe. Chingwe chatsopano chikagwedezeka pang'ono, moto unkaduka. Miyezi yonse ija yotsamiritsa mwala inali itamasula kabowo, ndipo pamenepo nzeru zanga zinathera. Tinapita kwa mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi msika wa Kapata. Ndisanamupatse ndinachotsa simu ndi memole khadi, poti simuyo ndiyo khomo la ndalama zawo za pa foni. Ndinamufotokozera zimene ndayesa kale, ndipo sanataye nthawi. Anatenthetsa chivundikiro, n'kuchitsegula ndi kapulasitiki kopyapyala, natisonyeza kabolodi kakang'ono ka pansi pamene pali kabowo kochajira. Kameneko kamasinthidwa pakokha, osakhudza za m'kati. Anapempha pateni yotsegulira kuti ayese, ine ndinati ndiitsegula ndekha ikafika nthawi, ndipo sanadandaule. Nditamuuza kuti foniyi inkabwera kudzaflashidwa, anapukusa mutu. "Bosi, ikanabwerako yopanda kanthu, koma osachajabe." Sipanathe ola limodzi.

Amama anakwera galimoto yobwerera kumudzi Loweruka madzulo, foni ili m'kachikwama ka zipi kamene ndinawagulira pamsika pomwepo kuti isamalowenso ulusi. Lamulungu usiku anandiimbira, mawu ali okwiya pang'ono. Mavidiyo a gulu la amayi a kumpingo sakuonekanso, akungoona chithunzi chachimbuuzi ndi kamuvi pakati.

"Dinani kamuviko, amama, pa imene mukufuna kuonera yokha."

Kunakhala zii kwa kanthawi, kenako ndinamva kwaya ikuyamba chapatali.

"Yatseguka. Nanga enawa, ndidine onse?"