Tinakwera mapiri pa MGB ya amalume, mageji akunama sitata ikukana

Amalume ali ndi galimoto ya MGB ya 1978, ija ya denga lansalu yokwera anthu awiri basi, ndipo ndinakhala ndikuwachonderera kuti tsiku lina tidzaitulutse ulendo weniweni wakumapiri osati kumangoizungulitsa pafupi Lamlungu. Galimoto zimenezi ankazipanga ku Abingdon ku England kuyambira 1962 mpaka 1980, zinatuluka zoposa 500,000, injini yake ndi ya masilinda anayi, 1798cc. Pa liwiro singapikisane ndi zamasiku ano ayi, koma umakhala pansi kwambiri moti msewu umaumva m'chiuno, ndipo ukatsitsa denga fungo la udzu, la fumbi, la mvula imene yagwa kutali, zonse zimakupeza pampando pompo.

Tinanyamuka m'mamawa kukadazizira, kuchigwa zonse zinayenda bwino. Zinayamba titalowa m'zitunda, msewu ukukhotakhota, amalume ali pa giya yachitatu injini ikulira mokoma, nde ndikuona muvi wa geji ya kutentha ukukwera pang'onopang'ono kulowera kofiira. Mtima unagunda. Ndinawauza, iwo anayang'ana nkunena kuti, "Mphwanga, taonanso ya petulo." Kuyang'ana, nayonso yakwera, thanki imene tinanyamuka nayo ili theka ikuonetsa ngati yatsala pang'ono kudzadza, chonsecho tayenda mtunda wonsewo.

Tinaima pambali. Kutsegula boneti kunalibe nthunzi, kunalibe fungo la madzi owira, fani yamagetsi ili duu osazungulira, ndipo geji ya oyilo inali pamalo pake chifukwa imeneyo siyendera magetsi, imalandira oyilo weniweni kudzera m'kapaipi kakang'ono kochokera ku injini. Chivindikiro cha madzi sitinachikhudze, injini yotentha satsegula, madzi ake amapsereza nkhope.

Apa mpamene amalume anandiphunzitsa chinthu chimene ndikufuna aliyense wa galimoto yakale achidziwe. Geji ya petulo ndi ya kutentha zimadyera malo amodzi, kabokosi kachitsulo kuseri kwa dashibodi kotchedwa voltage stabiliser. Magetsi a galimoto sakhazikika, injini ikazima amakhala cha pa mavolti 12, ikamayenda amafika cha pa 14, nde mageji akanamadya amenewo mwachindunji bwenzi mivi ikusintha nthawi iliyonse ukaponda mafuta. M'kabokosimo muli kachitsulo kopyapyala kokulungidwa ndi waya, kakatentha kamapindika nkudula magetsi, kakazizira kamabwerera nkulumikizanso, kumangotero kumangotero, mapeto ake mageji amalandira ngati mavolti 10 nthawi zonse. Koma kuti kachitsuloko katenthe pamafunika ethi, njira imene magetsi amabwerera ku batire kudzera m'thupi la galimoto, ndipo ethi yake imadutsa pa sikuluwu imene yamangirira kabokosiko. Sikuluwu ikamasuka kapena dzimbiri likalowa, kachitsulo sikatentha, sikadula, magetsi onse amangopita ku mageji ndipo onse awiri amakwera limodzi.

Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero miyendo ili kunja, tochi pakamwa, ndipo kabokosiko ndinakapeza kakugwedera. Kupala pang'ono ndi sandipepa, kumanga bwino, kuyatsa kiyi. Mivi yake imayenda mwaulesi chifukwa nayonso imayendera kutentha, nde umadikira ndithu, koma inakhazikika pamalo pake, petulo pansi pa theka, kutentha pakatikati. Chonde musandimve molakwa, ikakwera ya kutentha yokha ya petulo ili pomwepo, imani msanga ndithu, imeneyo ikhoza kukhala injini yeniyeni.

Kuchokera apo mpaka pamwamba unali ulendo umene ndinkaulota uja. Mphepo inayamba kuzizira, mitambo ikudutsa mmunsi mwathu, mbali ina phompho mbali ina matanthwe, ndipo pamakona galimotoyi imangomvera dzanja, chiwongolero chake chilibe chothandizira nde chilichonse chimene matayala akuponda umachimva. Tinaima pamalo ena otakasuka pomwe chigwa chonse chimaoneka, tinazimitsa injini, tinakhala nthawi ndithu tikungoyang'ana.

Pobwerera m'galimoto, kupotoza kiyi, pampu ya petulo kumbuyo inachita kake ka tiki tiki tiki monga mwa nthawi zonse, koma sitata inangoti kuwuu... kuwuu, molemera ngati munthu wonyamula thumba lomuposa, kenako zii. Aliyense akamva choncho amati batire yatha. Amalume anati ndiyatse malaiti akutsogolo ndikaime kumaso kwa galimoto, iwo nkupotozanso kiyi. Malaiti anangochepa mphamvu pang'ono. Batire ikakhala yatha kapena mitu yake yamasuka malaiti amathimiratu kapena kutsala pang'ono, akapanda kusintha nkomwe ndiye kuti magetsi sakufika ku sitata, ukayang'ane kiyi, relay kapena solenoidi. Zathuzi zinali pakati.

Batire ya MGB siili ku boneti, ili kuseri kwa mipando pansi pa kachitsulo, zakale zisanafike 1974 zinali ndi mabatire awiri a mavolti 6 olumikizana koma iyi ili ndi imodzi. Tinaiyeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, mavolti 12.5, yabwinobwino, mitu yake yolimba. Amalume atakoka choki, kaja kowonjezera petulo poliza injini, kuti ayesenso anachotsa dzanja mwachangu nkuti, "Tagwira apa." Kebulo ya choki inali yotentha, ku boneti ikununkha pulasitiki wopsa.

Injini ndi giyabokisi zimakhala pa malabala kuti galimoto isanjenjemere, ndipo labala sadutsa magetsi, nchifukwa chake pali lamba wa waya woluka wolumikiza zimenezi ndi thupi la galimoto. Magetsi onse amene sitata yadya, ma ampu oposa 100, amabwerera ku batire kudzera pa lamba ameneyo. Akaola, magetsiwo amafuna njira ina iliyonse yachitsulo, kebulo ya choki, ya mafuta, ya sipidomita, tinthu topyapyala toti sitingasenze katundu wotere. Ichi nchimene chinandiopsa kwambiri paulendo wonsewu, chifukwa makebulo a choki ndi a mafuta amathera pa kabuleta pomwe pali petulo, munthu wongokakamira kiyi akhoza kuyatsa moto osadziwa.

Kuti titsimikize tinaika multimeter mbali imodzi pa injini mbali ina pa bawuti yoyera ya thupi, amalume nkupotoza kiyi kamphindi kochepa. Pamenepo sipayenera kuoneka zoposa theka la volti, ife tinaona zopitirira mavolti awiri. Ndinati, "Amalume, bwanji tingoikankha, si tili pamtunda apa?" Iwo anakana, anati ikhoza kulira inde koma alternator, imene imatchaja batire, nayonso ethi yake ndi yomweyo, tiyenda ikulephera kutchaja bwino ndipo kukada tidzaima pamalo oipa kuposa pano. Anatulutsa kebulo yojampira imodzi yokha, yakuda, kuluma pa injini, mbali inayo kuluma pa bawuti ija ya thupi. Kupotoza kiyi kamodzi, inalira pompo.

Kebuloyo tinaimangirira bwino kutali ndi fani, lamba wa injini ndi ekizozi, tinatsika nayo choncho pang'onopang'ono, ine maso ali pa mageji njira yonse koma sanasunthenso. Titafika kumunsi tinayeza batire injini ikuyenda, inali pa 14.

M'mawa mwake tinaikweza pa jeke ndi zochirikiza zake nkulowa pansi. Lamba wa waya woluka uja anali wobiriwira ndi dzimbiri, timawaya tambiri tinali titaduka, kungotsala tochepa kumapeto, ndipo pomasula bawuti anathetheka m'manja. Tinaika watsopano, tinapala malo onse awiri mpaka chitsulo chinawala, kumanga, kupaka girisi pamwamba kuti madzi asalowe, ndipo amalume anawonjezera wachiwiri kuchokera pa injini kupita ku thupi cha kutsogolo komwe amaoneka ukangotsegula boneti. Kebulo ya choki nayo tinasintha, chikopa chake chinali chitasungunuka malo awiri ndipo inayamba kulimba pokoka.